Sola yanga ikuzima msanga ndi chiperonichi, ndithandizeni

Wofunsa (wabisa dzina): Admin chonde musaonetse dzina langa, achibale ali momuno. Ndimakhala ku Zomba, chakumtunda kufupi ndi phiri. Chaka chatha ndinagula sola ndi ngongole ya banki m'khonde, mpaka pano ndikubwezabe. Amuna anga sanaponyepo ngakhale kakobiri, koma kukakhala mpira ndi iwo oyamba kuyatsa TV. Mlamu wanganso amabwera ndi mafoni a anzake kudzatchaja ulere. Tsopano chiyambireni Juni ikangokwana 8 koloko usiku invata imalira, kenako mdima. Mwana wanga akulemba mayeso a Fomu 4, akuwerengera tochi ya foni. Amene anandigulitsa sakuyankhanso. Kodi sola imafa ndi kuzizira kapena anandibera?

Waluso la magetsi, Chinamwali: Mayi, za alamu tamva, koma panelo ndi ya mawati angati? Batire ndi yaikulu bwanji? Mumalumikizako chiyani? Ndipo zoti kuzizira kumapha panelo zichotseni m'mutu. Mawati olembedwa kumbuyo kwake amayezedwa panelo ili pa madigiri 25. Ikatentha kuposa apo mphamvu imatsika, ndiye Okutobala wa ku Liwonde amaizunza kuposa Juni wa kuno. Vuto lanu ndi mitambo. Kukaphimba chonchi panelo imapereka mwina kota ya mphamvu yake, masiku ena osafikanso.

Mayi wa ku Sadzi: Asisi, alamu amenewo achenjereni. Wanga analumikiza ayironi pa invata ine ndili ku maliro ku Thondwe. Ndinapeza nyumba yonse ikununkha mawaya. Mpaka lero sanapepese.

Mnyamata wa ku Chikanda: Gulani batire ya lithium basi, zinazi n'zakale.

Waluso la magetsi, Chinamwali: Achimwene, lithium imapanga magetsi? Batire ili ngati mgolo, mpope ukamangodontha ngakhale mugule mgolo waukulu sudzadza. Anthu ngati inu ndi amene mukuwonongetsa anthu ndalama.

Mnyamata wa ku Chikanda: Nanga mwaiwala kuti batire za asidi zimafooka kukazizira? Yanga ya lithium sinandivutepo.

Waluso la magetsi, Chinamwali: Zimafooka pang'ono, inde, koma chimene chimazipha ndi kukhala masiku ambiri osadzadza. Mayi, ngati yanu ndi ya asidi ya 12V, ikatsika kufika cha m'ma 12.1 ndiye yafika theka, zimitsani. Invata ikalira musamaiyatsenso mokakamiza. Ndipo ngati anakupatsani batire ya galimoto, imeneyo sinapangidwire ntchito imeneyi, siichedwa kutha.

Bambo wa ku Domasi: Zam'banja pagulu? Ankhoswe alipo mayi, amuna anu musawavule chonchi.

Mayi wa ku Sadzi: Abambo inu, ngongole akubweza okha, ndiye asadandaule?

Wa ku Nchalo: Bweretsani panelo yanu kuno asisi, dzuwa latikwana, tikupatsani laulere 😂

Mphunzitsi wa ku Matawale: Onani kumene panelo yapenya. Miyezi ino dzuwa limadutsira kumpoto, ndiye iyenera kupenya kumpoto, itapendekeka pang'ono. Yathu inali mbali ya kumwera kwa denga, titaisuntha zinasintha. Kufupi ndi phiri dzuwa limabisikanso msanga madzulo. Ipukuteni ndi nsalu yonyowa m'mawa, ndipo ngati pali nthambi ya mtengo yogwetsera mthunzi pakona pake, iduleni.

Wofunsa: Zikomo nonse. Panelo ndi yaikulu ndithu, yabuluu. Za alamu ndauza apongozi koma akuwaikira kumbuyo. Kapena vuto lingakhale kafiliji kamene ndimasungiramo mafirizesi?

Waluso la magetsi, Chinamwali: Filiji?? Mayi, nkhani yonseyi filiji mukuitchula pano? Izimitseni mpaka chiperoni chidutse, mwana awerenge. Mafirizesi m'nyengo ino akugula ndani? Jambulani kachipepala komata kumbuyo kwa panelo ndi zolembedwa pa batire, muike pano.

Mnyamata wa ku Chikanda: Ikanakhala lithium filijiyo bwenzi ikugwira usiku onse.

Waluso la magetsi, Chinamwali: Iwe, ndakuuza kale za mgolo.