Kucheza usiku ku Cape Maclear: tithandizeni odziwa kumeneko

Wofunsa:
Abale, tilipo anayi, tikufuna kukacheza ku Cape Maclear mu Julayi, Lachisanu mpaka Lamlungu. M'thumba ndi mochepa, ndiye tikagona m'ma dormitory a ma backpackers. Usiku kumakhala bwanji? Tisamale chiyani?

Yankho 1:
Musayembekezere ma club ngati a mu Lilongwe. Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, ndi wa asodzi, mabala ambiri ndi a malo ogona alendo, andandalikana m'mbali mwa nyanja, mumangoyenda pamchenga kuchoka pena kupita pena. Anthu amayamba kusonkhana dzuwa likamalowa cha ku chilumba cha Thumbi. Lachisanu ndi Loweruka ndiye kumatentha, pakati pa sabata kumakhala zii. Pobuka funsani ngati dormitory ili pafupi ndi bala, apo ayi tulo mudzatiwona mbandakucha. Julayi ndi nyengo ya mwera, juzi musaiwale.

Yankho 2:
Ndalama tapirenitu pa boma la Mangochi. Ma agent a Airtel Money ndi Mpamba amatseka madzulo, nthawi zina float imawathera. Green ya pa lodge ndi yodula kuposa ya pa bottle store m'mudzi, koma musalowe ndi mowa wanu m'bala la eni. Tochi nayonso, magetsi akathima njira za m'mudzimo ndi mdima wa ndiweyani.

Yankho 3:
Anyamata a pa beach adzakupezani okha, adzakuuzani za braai ya nsomba pamchenga, moto ndi ng'oma. Ndi yabwino ndithu, koma gwirizanani zonse kusanade: mtengo ndi wa munthu mmodzi kapena gulu lonse, nsomba yake ndi chambo kapena kampango, zingati, pali mpunga kapena nsima, oimba ng'oma alipidwa ndi ndani. Perekani theka logulira nsomba, yotsalayo mukadya. Mukapereka yonse masana, ena amangozimiririka, kapena ang'oma amadzaitanitsa yawo mutakhuta kale. Funsani ku reception akulozereni mnyamata amene amamudziwa. Wina akakunong'onezani za chamba, kanani. Lamulo la 2020 lija linangolola cholima ndi chilolezo cha mankhwala ndi mafakitale, chosuta mumangidwa nacho.

Wofunsa:
Zikomo akulu. Nanga kusambira usiku? Pa Facebook timaona azungu akudumphira m'madzi.

Yankho 4:
Mutamwa ayi. Mwera umadzutsa mafunde, ndipo usiku ndi nthawi imene asodzi a usipa amatuluka ndi maboti a injini, mutu wa munthu m'madzi sauwona. Ngakhale masana, dziwani kuti gombe la Chembe lili ndi likodzo, limachokera ku nkhono za m'madzi osaya. Mankhwala ake ndi praziquantel, 40mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu, koma amamwedwa patatha masabata 6 mpaka 8 chisambireni. Mukamwa mutangobwera sagwira, chifukwa sapha nyongolotsi zikadali zazing'ono. Pitani kuchipatala akakupimeni sikelo, musangoyerekeza. Neti ya pabedi muiyang'ane zibowo musanapite kokamwa.

Yankho 5:
Kuwonjezera apo, kabaza wa njinga yamoto wa ku Monkey Bay musakwere usiku. Msewu wolowera ku Cape ndi wa makilomita pafupifupi 18, wodutsa m'mapiri, makona okhaokha. Mafoni musawasiye pamchenga povina, asiyeni mu locker, loko tengani yanu.