Ndiyeze mafuta ochuluka bwanji kuti sopo adzaze chikombole?

Nachisale:
Moni akuluakulu. Ndili ndi chikombole chathabwa, mkati mwake ndi masentimita 40 mulitali, 10 mulifupi, ndipo kuya kwake ndi 8. Ndikufuna kupanga sopo wosambira wa mafuta a mawese, a mpendadzuwa ndi a kokonati. Kodi mafuta onse pamodzi akhale ochuluka bwanji kuti phala lisasefukire komanso lisaperewere? Nanga ndiyeze ndi botolo la malita kapena pa sikelo?

Mayi a Tadala:
Mwachita bwino kuyeza mkati osati kunja, chifukwa thabwa lokha limadya malo. Koma musawerengere kuya konse kwa 8. Siyani sentimita imodzi pamwamba, popeza sopo akatentha amatukumukako, komanso chikombole chodzaza ndendende chimavuta kuchinyamula. Ndiye tiwerengere 7.

Chulukitsani 40 × 10 × 7, mupeza 2,800. Uku ndiye kukula kwa malo amene phala lidzakhalemo, chimodzimodzi malita 2.8. Tsopano chulukitsani 2,800 ndi 0.7, yankho ndi magalamu 1,960. Amenewa ndi mafuta onse pamodzi. Malo otsalawo ndi a madzi ndi kositiki soda.

Kagawidwe kake kangakhale kotere: mawese theka, omwe ndi magalamu 980, mpendadzuwa 30 peresenti, magalamu 588, kokonati 20 peresenti, magalamu 392.

Pa kositiki ndiye pofunika kudekha, chifukwa mtundu uliwonse wa mafuta umadya kositiki wosiyana. Galamu imodzi ya mawese imafuna pafupifupi magalamu 0.142 a kositiki, ya mpendadzuwa 0.135, ya kokonati 0.183. Mukachulukitsa mupeza 139 wa mawese, 79 wa mpendadzuwa ndi 72 wa kokonati, zonse pamodzi 290. Popeza ndi sopo wosambira, chotsaniko 5 peresenti kuti mafuta pang'ono atsale osapsa, sopo asamaumitse khungu. Mutsala ndi magalamu 276 a kositiki. Madzi akhale kuwirikiza kawiri kositikiyo, magalamu 552.

Phala lonse lidzalemera pafupifupi magalamu 2,790. Mukamadula masentimita 2.5 chidutswa chilichonse, mutulutsa zidutswa 16.

Che Mussa:
Masamu a Mayi a Tadala ali bwino, koma mayi Nachisale mudziwe kuti 0.7 ija si lamulo la nthawi zonse. Imayenda ndi madzi amene mwathira. Pa madzi owirikiza kawiri kositiki imakwana bwinobwino. Koma njira zambiri za pa intaneti, ngakhalenso SoapCalc (tsamba lowerengera manambala a sopo) musanasinthe kalikonse, zimaika madzi okwana 38 peresenti ya mafuta. Pa mafuta anu a 1,960 amenewo ndi madzi magalamu 745, kuposa 552 uja ndi pafupifupi 200. Madzi owonjezerawo amafunanso malo, ndiye phala lidzakwera n'kudya mbali ya sentimita ija munasiya. Ngati mukufuna madzi ambiri chonchi, gwiritsani ntchito 0.65 m'malo mwa 0.7.

Mukaona ena akulemba kuti chulukitsani ndi 0.4, musasokonezeke. Imeneyo ndi ya ku America, komwe amayeza chikombole ndi mainchi ndipo yankho limatuluka mu ma ounce. Mukayeza ndi masentimita kenako n'kuchulukitsa ndi 0.4, mafuta aperewera kwambiri, sopo atuluka wopyapyala, osafika ngakhale masentimita 5.

Za botolo zija, zisiyeni. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, koma lita ya mafuta imalemera pafupifupi magalamu 910 mpaka 920 basi. Munthu akathira malita awiri n'kumati ndi makilogalamu awiri, ndiye kuti mafuta aperewera ndi magalamu oposa 160 pomwe kositiki anawerengera wa makilogalamu awiri athunthu. Sopo wotere amaluma, amayabwa, ndipo nthawi zina amanyenyeka pomudula. Zonse ziyezedwe pa sikelo ya manambala yowerenga galamu imodziimodzi, madzi omwe.

Mawese nawonso ali ndi khalidwe lawo. Nyengo yozizira, m'miyezi ya June ndi July, amaundana pansi, pamwamba pakuyandama amadzimadzi. Mukangotunga apamwambawo, sopo atuluka wofewa, ndipo apansi otsalawo adzakupatsani sopo wophwanyika ulendo wina. Sungunulani chigubu chonse m'madzi otentha, mutakase, kenako muyeze.

Nangozo:
Ndionjezepo za zikombole zosakhala zamakona anayi, chifukwa ambiri amadzafikako.

Paipi ya PVC: yezani kutambalala kwa mkati, mugawe pawiri, yankholo mulichulukitse lokha ndi lokha, kenako ndi 3.14, kenako ndi kutalika komwe mudzathire. Paipi ya masentimita 7 mkati, yothira kufika masentimita 30: theka la 7 ndi 3.5, ndiye 3.5 × 3.5 × 3.14 × 30 = 1,154. Kuchulukitsa ndi 0.7, mafuta ndi magalamu 808. Ambiri amalakwa potenga 7 m'malo mwa 3.5, ndiye amapezeka asakaniza phala lokwana mapaipi anayi.

Zikombole za silikoni zamaluwamaluwa, makontena a majarini ndi zina zopindika, musavutike ndi rula. Ikani chikombole pa sikelo, mubweze pa zero, muthire madzi kufika pomwe mukufuna sopo adzalekeze. Magalamu a madziwo ndiye nambala yochulukitsa ndi 0.7. Ngakhale chathabwa chanucho mungachiyese chonchi mutayalamo pulasitiki, ndipo mudzaoneratu ngati pena pakudontha.

Thireyi kapena poto wa aluminiyamu asayandikire n'komwe. Kositiki amadya aluminiyamu, kumatuluka mpweya woyaka, sopo n'kuda. Ndipo posungunula, kositiki ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa kositiki. Valani magolovesi ndi magalasi, muchitire panja kapena pa windo, ana ali kutali.

Phala la makilogalamu pafupifupi atatu m'thabwa limasunga kutentha kwambiri. Mu October musalifunditse bulangete. Mukaona mng'alu ukuyamba pakati m'litali, vundukulani, muike pamalo pozizira popita mphepo, apo ayi pakati padzatupa n'kutayika. Khalaninso ndi kachikombole kakang'ono pambali kothiramo phala likatsala.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Koma kokonati akudula. Ndikaika mafuta a ng'ombe m'malo mwake, ndingosiya manambala onse momwemo?

Mayi a Tadala:
Ayi amayi, pamenepo ndiye pamapsa anthu. Kulemera kwa mafuta kukhale komweko, magalamu 392, chifukwa chikombole sichinasinthe. Koma kositiki muwerengenso. Mafuta a ng'ombe amafuna pafupifupi 0.143 pa galamu, osati 0.183. Ndiye 392 × 0.143 ndi 56. Kuphatikiza 139 ndi 79 zija mupeza pafupifupi 275, kuchotsa 5 peresenti mutsala ndi 261. Madzi ndi 522.

Taonani: mukanasiya 276 uja, akanaposa ngakhale 275 amene mafuta onsewo angathe kudya. Magalamu 15 okha, koma ndi okwanira kuchotsa mafuta onse oteteza khungu aja.

Mafuta a ng'ombewo muyambe mwawasungunula pamoto wochepa, musefe ndi nsalu, muwasiye aundane, mukokote zakuda ndi madzi zapansi, ndipo muyeze atauma. Akakhala ndi madzi kapena tizidutswa ta nyama, sikelo imawerenga zomwe si mafuta, ndipo sopo amadzanunkha pakapita miyezi. Sopo wake amalimba bwino ndipo sasungunuka msanga, koma thovu limachepa popanda kokonati. Ngati mungapeze mafuta a nsatsi, ikani magalamu 100 m'malo mwa mpendadzuwa wolemera chimodzimodzi, amathandiza thovu kukhalitsa. Nambala yake ndi 0.128, ndiye kositiki atsika ndi galamu imodzi yokha.

Tulutsani m'chikombole pakatha tsiku limodzi kapena awiri, akalimba moti chala sichikulowa. Mudule tsiku lomwelo chifukwa wa ng'ombe sachedwa kuuma gwa, kenako muyanike pamthunzi masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, zidutswa zisagundane.