Webusaiti ya gulu lathu yasokonekera, tigwetse kapena tikonze?

Nambewe_waBembeke:
Moni nonse. Ndine mlembi wa kagulu ka alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke. Webusaiti yathu anatipangira pa WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) mphwake wa atcheya zaka zitatu zapitazo, kenako mnyamatayo anapita ku Joni, anatisiyira pasiwedi imodzi basi ndipo timalowera yomweyo anthu asanu. Vuto lalikulu ndi mitengo, mtengo wa thumba unalembedwa pa masamba anayi osiyana ndiye wina akasintha tsamba loyamba enawo amatsala ndi wakale, mwezi watha venda wa ku Lilongwe anabwera ndi lole mpaka kuno ataona mtengo wa nthawi yokolola, tinakangana naye pamsewu m'mawa kukuzizira ngati chani. Nambala ya atcheya akale nayo ikadali penapake, anthu akumawaimbirabe. Kutsegula tsamba kumachedwa, bandulo imangothera pomwepo. Mapulagini (timapulogalamu toonjezera mu WordPress) alipo 23 sindidziwa ntchito yake. Ena mu komiti akuti tingoigwetsa tiyambe ina. Tichite bwanji abale?

Ngozo_Lizulu:
Achemwali musagwetse ayi. Mukayamba ina ndi kachitidwe komweka pakatha chaka mudzabweranso pano ndi funso lomweli kkkk. WordPress ilibe mlandu, nkhani ndi yoti chinthu chimodzi mwachilemba malo anayi. Mtengo ulembedwe pamodzi pokha. Kuyambira WordPress 5.0 ya mu December 2018 masamba amamangidwa ndi mabuloko, ndipo pali buloko yomwe mumapanga kamodzi nkumaiika paliponse, kale inkatchedwa reusable block, kuyambira 6.3 mu 2023 akuti synced pattern. Pangani imodzi muitche "mitengo", muikemo mtengo wa thumba ndi wa ndowa komanso tsiku lomwe mwasintha, kenako pa masamba anayi aja fufutani zolemba pamanja zija muike pattern imeneyo. Mukasintha kamodzi zasintha ponse. Nambala za foni chimodzimodzi. Tsikulo musaliiwale, venda akaona kuti mtengo ndi wa miyezi itatu yapitayo ayamba waimba kaye asanathire mafuta.

Za pasiwedi ija ndiye zandiopsa. Anthu asanu onse ma Administrator? Ndi ngati kupatsa mudzi onse kiyi wa nkhokwe. Pitani pa Users aliyense mumupangire akaunti yake. Administrator akhale inu ndi wina mmodzi wodalirika, wosintha mitengo akhale Editor, achinyamata olemba nkhani za kumunda akhale ma Contributor, iwowo amalemba koma sizituluka mpaka wina avomereze. Ubwino wake wina akaononga tsamba mumatsegula Revisions, mumaona yemwe anasintha ndi nthawi yake, nkubwezeretsa momwe linalili. Panopa ponse pakungolembedwa dzina limodzi ndiye mufunsa ndani?

Mwana_waNtcheu:
Kuchedwako ndi zithunzi, ndikubetcherani. Mumakweza momwe zachokera mu foni eti? Chimodzi chimatha kufika 4MB. Chepetsani kaye chisanakwere, m'lifupi mwa ma pixel 1200 ndi mokwanira, mulu wa mbatatesi uoneka bwinobwino. Ndipo zipatseni maina, osati IMG_0045, mawa mudzavutika kuzipeza.

Achisale_IT:
Ndikugwirizana ndi a Ngozo koma amayi ndikuchenjezeni pa mapulagini, chifukwa anthu akamva kuti 23 ndi ambiri amangolowa nkuyamba kudilita ngati akupalira. Ine ndinachitapo zimenezo pa webusaiti ya tchalitchi china kwathu ku Tsangano, ndinachotsa pulagini yomwe ndimaiona ngati yopanda ntchito, kumeneko nkuti ndi yomwe imagwira ndandanda wa mapemphero, tsamba lonse linangotsala timawu ta m'mabulaketi tosamveka, ma shortcode aja, abusa kundiimbira Loweruka usiku. Ndiye choyamba bakapu, kusunga kope la zonse pambali, mafayilo ndi database (mosungira zolembedwa zonse) yomwe, UpdraftPlus yaulere imatha ntchitoyi ndipo imatumiza ku Google Drive. Mukatero dinani Deactivate imodzi yokha, muzungulire masamba onse, ngati palibe chasweka dikirani sabata ndiye muchotse. Zotsalazo muzizipanga apudeti, pulagini yosiyidwa zaka ndi pomwe akuba amalowera. Koma musayambe apudeti batire ili pa 5% kapena netiweki ikudukaduka.

Chinanso, mukamaphatikiza masamba obwerezabwereza musangofufuta. Linki yakale ija ili m'magulu a WhatsApp a mavenda, akaidina nkupeza 404, uthenga woti tsambalo kulibe, aganiza gulu linatha. Ikani redirect ya 301 iwalondolere ku tsamba latsopano, pulagini ya Redirection imapanga zimenezo. Eya ndikudziwa, ndakuuzani muchepetse mapulagini kenako ndakuonjezerani awiri kkk.

Funso langa, domain (adilesi ya webusaiti) ndi hosting (malo omwe imasungidwa) zili m'dzina la ndani? Ngati zili pa imelo ya mnyamata wa ku Joni uja, tsiku lolipira likadutsa uthenga upita kwa iyeyo inu osadziwa, mudzangodzuka webusaiti kulibe.

Nambewe_waBembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Achisale mwandidzidzimutsa, ndafunsa atcheya akuti zonse zili pa imelo ya mphwawoyo ndipo sakudziwa kuti timalipira mwezi uti. Amuimbira madzulo ano. A Ngozo pattern ija ndayesa kuifuna sindikuiona, ndikatsegula tsamba la mitengo pakubwera batani lolembedwa Edit with Elementor. Ndalakwitsa penapake?

Ngozo_Lizulu:
Simunalakwitse achemwali, mnyamatayo anamanga masambawo ndi Elementor, pulagini yomangira masamba, ndiye mabuloko a WordPress simuwaona mmenemo. Njira yachidule ndi iyi, pangani tsamba latsopano limodzi la mitengo ndi editor ya WordPress yeniyeniyo, pa masamba a Elementor aja fufutani manambala onse mungosiya batani loti "onani mitengo ya lero" lolozera kumeneko. Elementor yokhayo musaichotse mu 23 muja, masamba akale onse atsamira pa iyo. Nambala ya atcheya akale ilembeni mu Search pa Pages, ikapanda kupezeka mukaone pa footer, kumunsi kwenikweni kwa tsamba, zambiri zimabisala kumeneko. Ndipo gulani kope la hadikava mulembemo tsiku lolipira domain, yemwe ali ndi akaunti iti, ndi ntchito ya pulagini iliyonse mukaizindikira, mapasiwedi okha musalembemo. Lachitatu ndimakhala pa msika ku Lizulu, mukabwera ndi laputopu tidzaonera limodzi.