Ana a Mzuzu ku Joni: bwana wayamba zachilendo

NyaChibavi: Abale ndithandizeni msanga. Ndimagwira ya m'nyumba ku Randburg. Madamu akangotuluka, abwana amabwera kukhitchini n'kumandigwiragwira. Dzulo akuti ndikakana andiitanira apolisi poti masiku anga a pa pasipoti anatha. Nditani?

Ankolo a Luwinga: Anatha liti mlongo? Ukapitirira masiku 30, pa Beitbridge amakudinda zaka 5 osabwereranso.

Make Tadala: Ankolo, mwana akulira zogwiridwa inu muli pa chidindo?

Jah Zolozolo: Ine wanga ku Durban anandidya malipiro a miyezi itatu. Ndinangonyamula wheelbarrow yake tathana 😂

Anti a Katoto: Mwanawe tamvera. Ife a union ya antchito a m'nyumba, SADSAWU, anatiphunzitsa. Lemba tsiku, nthawi ndi mawu amene wanena. Mameseji ake usafufute, tumiza kwa munthu amene umamukhulupirira, foni imatha kulandidwa. Kenako pita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana, salipiritsa. Nkhani yotere uli ndi miyezi 6 yokadandaula, koma akakuchotsa ntchito ndi masiku 30 okha.

Ankolo a Luwinga: CCMA opanda pepala? Kumeneko kuli khomo lakuseri lotulukira ku Lindela kosungira anthu oti awabweze kwawo, aliyense akudziwa.

Anti a Katoto: Bodza! Khoti la antchito linagamula mu 2008 kuti wopanda permit ndi wantchito ndithu. Inu munapitako?

Ankolo a Luwinga: Ndinabwera kuno 1998 inu mukuyamwa.

Make Tadala: Zaka zonsezo mukadali m'mkuku, kachisakasa kaja 🤣

Aphunzitsi (ndili ku Mzuzu): Kwathu kunonso lamulo lilipo, Gender Equality Act ya 2013. Ku maphunziro a union anatiuza kuti ngakhale nthabwala zolaula kapena kukulonjeza ntchito posinthana ndi thupi ndi mlandu. Koma atsikana a m'mashopu amangomeza, poti pakhomo pali ena teni akudikira malowo.

Chisomo 265: Moni nonse ndine watsopano. Basi ya Joni kuchokera ku Mzuzu ndi zingati pano?

Make Tadala: Iwe werenga kaye! Anthu ali pa nkhani yolemetsa. Ndani amalowetsa anawa?

Jah Zolozolo: Komanso azichemwali muzivala zazitali.

Anti a Katoto: Ine anandigwira nditavala ovalosi ndi magambutsi. Khala chete. NyaChibavi, zikafika pokukakamiza thamangira kuchipatala usanasambe, mankhwala oteteza ku HIV amagwira asanathe maola 72. Funsa za Thuthuzela, malo othandizira ogwiriridwa.

Aphunzitsi: Kuno mvula yayamba m'mawa, chifunga mpaka ku Chiputula.

Ankolo a Luwinga: Musatero aphunzitsi. Kondowole wa batala, mayo ine. Ndinamaliza kudya pa maliro a amayi.

Jah Zolozolo: Wobwera Disembala anditengereko khofi ndi usipa.

NyaChibavi: Zikomo anti. Koma ndimagona pompo, ndikakadandaula ndikagona kuti? Madamu akupita ku Cape Town Lachisanu.

Chisomo 265: Nanga ya basi ija?