Preamp ya double bass, ndithandizeni maganizo

Akuluakulu, ndimaimba double bass (besi yaikulu yooneka ngati violin) m'kagulu ka jazz, pickup yanga (kachipangizo kotola mawu a zingwe) ndi ya mtundu wa piezo, ili pa bridge (kathabwa kochirikiza zingwe). Ndikailumikiza ku mixer popanda china chilichonse, mawu amatuluka owonda ngati ndikuimba chitini. Akuti vuto ndi impedance (kukaniza kwa magetsi, komwe amayeza ndi ma ohm), piezo imafuna polowera pa 1 megohm kupita m'mwamba. Chinanso, tikangokweza voliyumu besi imayamba kulira yokha, makamaka ndikaima pafupi ndi monitor (sipika yodzimvera pa siteji).

Kodi preamp (kachipangizo kokonza ndi kukweza mawu asanafike ku mixer) ya LR Baggs Para DI, ndi notch yake (yochepetsa liwu lomwe likulira lokha) komanso batani la phase (lotembenuza mafunde a mawu), ingathetse zonsezi, kapena ndigulenso high-pass filter (yodula mawu otsika kwambiri) payokha? Chingwe cha E chimatsika mpaka 41 Hz, ndiye ndikuopa kudula kwambiri. Inu mumadulira pati? Tikuimba Loweruka likubwerali.