Galamafoni yakale yotchipa kwa woyamba kumene: ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Woyamba_kumene

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mbale za nyimbo zingapo, zazikulu za 33 ndi zing'onozing'ono za 45, ndipo ndikufuna galamafoni yoti ndizimverapo. Yatsopano yabwino sindingakwanitse. Pa Facebook ndapeza zitatu zogwiritsidwa kale ntchito: Technics SL-BD20 yochokera ku UK, Pioneer PL-12D yomwe wogulitsa akuti inachokera ku America, ndi Technics SL-D2 ya ku Japan, yomwe ndi yodulirapo. Palinso zatsopano zija zamasutikesi, zokhala ndi masipika momwemo, zotchipa kuposa zonsezi. Ampulifaya ndili nayo, koma kumbuyo kwake kwangolembedwa AUX, CD ndi TUNER. Nditenge iti? Nanga ndikafika kwa wogulitsa, ndiyese chiyani?

Wamawaya

Achimwene, yasutikesiyo isiyeni. Zambiri mwa izo zili ndi katiriji (kabokosi ka kunsonga kwa mkono komwe singano imakhala) ya mtundu wa ceramic, singano yake imakanikiza mbale ndi magalamu 5 kapena kuposa, ndipo pa mkono palibe posinthira kulemerako. Katiriji yabwinobwino nthawi zambiri imayenda pa magalamu 1.5 mpaka 2.5. Komanso masipika ali m'bokosi limodzi ndi singano, ndiye mukakweza mawu bokosi limanjenjemera, singano n'kuyamba kulumpha mizere.

Pa zitatu zinazo, musanaone dzina kapena kuwala kwa chivundikiro, muuze wogulitsa akujambulireni kachikwangwani kakumbuyo kofotokoza za magetsi. Magetsi athu ndi mavolti 230 pa 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), chimodzimodzi ku UK ndi ku South Africa. Choncho ya ku UK mungoilowetsa pasoketi, ngakhale pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu. Ikalembedwa 240 V musadandaule, ndi zakale za kumeneko ndipo zimagwira bwino. Ku Japan ndi mavolti 100, ku America 120. Mukailowetsa yotere mwachindunji, thiransifoma yam'kati kapena mota imapsa nthawi yomweyo. Pamafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo yaing'ono ya mawati 50 ikukwanira chifukwa galamafoni nthawi zambiri sidutsa mawati 20. Onetsetsani kuti yolembedwa 100 V mwaigulira yotulutsa 100, osati 110 kapena 120.

Koma Pioneer ili ndi vuto lachiwiri lomwe thiransifoma singathetse. Mota ya PL-12D ndi ya mtundu wa synchronous, liwiro lake limatsatira ma Hz a magetsi. Ngati inapangidwira 60 Hz, kuno pa mphindi imodzi izizungulira ka 27.8 m'malo mwa 33⅓, nyimbo zonse zikhala zolemera ndi zokoka. Mankhwala ake ndi kusintha kagudumu ka pa mota kuyikapo ka 50 Hz, ndipo kupeza kameneko ka makina a m'ma 1970 si ntchito ya woyamba kumene. Zina zinabwera ndi kosinthira mavolti, koma kameneko kamasintha mavolti okha, kagudumu kamakhala komweko. PL-12D ndi galamafoni yabwino ndithu, koma iyi ya ku America ine ndingaisiye. Ma Technics awiriwo mota zawo ndi za DC ndipo zimadziwongolera zokha liwiro, ma Hz alibe nazo kanthu.

Tsopano ampulifaya yanu. Katiriji ya maginito, yomwe amalemba kuti MM, imatulutsa mamilivolti 3 mpaka 5 basi, pomwe AUX imayembekezera mazanamazana. Kuwonjezera apo, podinda mbale amachepetsa besi n'kukweza mawu osongoka kuti mizere ikwane, potsata muyezo wa RIAA, ndipo pomvera pamafunika chobwezeretsa zimenezi. Mukalumikiza mwachindunji pa AUX mumva mawu akutali, opyapyala, opanda besi, n'kuganiza kuti mwagula yakufa. Gulani kabokosi ka phono preamp ka MM kokhala pakati pa galamafoni ndi AUX, kapena ampulifaya yakale yolembedwa PHONO kumbuyo. Kawaya kowonda kamene kamayendera limodzi ndi mawaya awiri a mawu ndi ka ground. Kamangeni pa ka screw kolembedwa GND, apo ayi masipika azingong'ung'uza.

Singano_yakuthwa

Za magetsi, akulu awa amaliza. Ine ndikambe za tsiku lokaona. Tengani mbale imodzi yomwe simuidandaula ikakandika, foni, selotepi ndi tochi. Wogulitsa akakana kuti muiyatse, mtengo wake ukhale wa chinthu chakufa.

Yambani ndi liwiro. Matani kaselotepi m'mphepete mwa chigudumu chomwe mbale imakhalapo, n'kuwerenga kuti kakudutsa kangati. Pa 33⅓ kayenera kudutsa ka 100 pa mphindi 3 ndendende, pa 45 ka 45 pa mphindi imodzi. Kusiyana kwa kamodzi si nkhani. SL-D2 ili ndi timadontho m'mphepete ndi kanyali; mukapotokola kosinthira liwiro, mzere umodzi wa timadontho uyenera kuoneka ngati waima. Ukamapita kutsogolo n'kubwerera osakhazikika, nthawi zambiri ndi litsiro m'kosinthiramo, ndipo kupopera contact cleaner n'kupotokola kangapo kumathetsa. Ukakanabe, vuto lili m'bolodi, musagule. Kenako ikani nyimbo yokhala ndi mawu okoka, a piyano kapena kwaya. Akamapendama, kukwera n'kutsika, pa SL-BD20 ndiye kuti lamba wolumikiza mota ndi chigudumu watha, chinthu chotchipa. Pa SL-D2, yomwe ndi direct drive (mota imazunguza chigudumu mwachindunji), palibe lamba woti mumunamizire.

Tsikirani maso mulingane ndi chigudumu chikuzungulira. Chikamavina mmwamba ndi pansi, mwina sichinakhale bwino, mwina kamtengo kapakati kanapindika pogwa. Kopindika sikawongoka. Pa ya lamba, chotsani lambayo muchizunguze ndi dzanja: chizungulire nthawi yaitali mwakachetechete, popanda kukhwekhwereza.

Mkono ndi umene muyenera kutherapo nthawi, chifukwa ukawonongeka kukonza kwake kumaposa mtengo wa galamafoni yonse. Muugwire ndi zala ziwiri pafupi ndi mutu wake, pomwe pali katiriji, muukankhe pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo motsata utali wake, kenako muupotokole pang'ono. Pasamveke kugogoda kulikonse. Kukamveka, ma bearing ake ndi okhwepa, mawu azituluka osokonekera ngakhale mutayika singano yodula. Pa SL-D2 yesaninso izi: ikani anti-skate (kosinthira koletsa mkono kukokekera chapakati) pa 0, zunguzani chitsulo cholemera cha kumbuyo mpaka mkono uyandame wokha, ndiye muuuzire mpweya pang'ono. Uyende mosadodoma kuchokera kunja mpaka pafupi ndi pakati. Ukaima panjira, ukugwira penapake.

Pali zina zomwe zimaopsa woyamba kumene koma ndi zazing'ono, ndipo ndi zomwe muyenera kunenerera nazo mtengo. Sipika imodzi yosalira kawirikawiri ndi timawaya tinayi ta kumbuyo kwa katiriji kapena waya wa RCA woduka m'kati. Mitundu yake sisintha: koyera ndi kabuluu ndi ta kumanzere, kofiira ndi kobiriwira ta kumanja. Kotsitsira mkono kakamagwetsa singano mwamphamvu, mafuta ake a silicone anauma, amangowonjezera. Mkono ukamachedwa kubwerera nyimbo zikatha, ndi girizi wakale wolimba. Chivundikiro chosweka sichikhudza mawu.

Singano yomwe mwaipezapo muitenge ngati yotha, ngakhale wogulitsa alumbire. Kutha kwake sikuoneka ndi maso, ndipo yotha imapala mizere ya mbale mosabwezeka. Audio-Technica imanena kuti singano zake za conical (zansonga yozungulira) zimatha pa maola pafupifupi 500, za elliptical (zansonga yonga dzira) pafupifupi 300, ndiye ganizirani galamafoni ya zaka 40. Werengani dzina ndi nambala pa katiriji ndi tochi yanu ija, mufufuze pa intaneti ngati singano yake ikupezekabe, musanatulutse ndalama.

Woyamba_kumene

Zikomo kwambiri nonse, Pioneer ndaichotsa. Wogulitsa SL-BD20 akuti katiriji yake ndi ya P-mount, ndipo ndawerenga ena akuti zimenezo ndi zachibwana. Ndi zoona?

Wamawaya

Si zachibwana ayi. P-mount, yomwe dzina lake lina ndi T4P, ndi muyezo womwe Technics inabweretsa cha m'ma 1980 pofuna kuti munthu asavutike ndi kuchuna. Katiriji iliyonse ya muyezowu imalemera magalamu 6 ndipo imayenda pa 1.25. Mumangoilowetsa ndi timano take tinayi kunsonga kwa mkono, n'kumanga ka screw kamodzi m'mbali, basi. Palibe kuyeza, palibe kulakwitsa. Kwa munthu amene sanagwirepo galamafoni, imeneyo ndi mphatso, chifukwa mbale zambiri zimawonongeka ndi katiriji yoyikidwa mokhota.

Kuipa kwake n'kwakuti masiku ano zosankha zatsala zochepa. Za Audio-Technica zodziwika ndi AT81CP ya conical ndi AT85EP ya elliptical. Zonse zimalira bwino, koma mukadzafuna kukwera kuposa pamenepo, njira ndi yopapatiza.

Lamba mugule potchula dzina la galamafoniyo. Zikavuta, zunguzani ulusi pomwe lamba amadutsa, kuzungulira mkombero wa pansi pa chigudumu ndi kagudumu ka pa mota, muyeze, n'kuchotsapo 3 mpaka 5 pa 100 iliyonse kuti agwire. Wothina kwambiri amakoka mota n'kudya bearing yake, wokhwepa amaterereka. Wakale nthawi zina amasungunuka n'kusiya phula lakuda. Lipukuteni lonse ndi sipiriti ya isopropyl musanayike watsopano. Ndipo chonde, osadula chubu cha njinga, makulidwe ake safanana ponseponse ndipo liwiro silingakhazikike.

Mzere_wa_33

Apa ine ndisiyana pang'ono ndi akulu anzanga. Ngati SL-D2 yapambana mayeso a mkono ndi liwiro, ndipo thumba likulola, imeneyo ndiye yogula. Chifukwa choyamba, ilibe lamba, ndipo lamba ndi chinthu choti muziyitanitsa kunja n'kudikira, pomwe kutentha kwa kuno sikumuchitira chifundo. Chachiwiri, mutu wake umalandira katiriji wamba ya ma screw awiri otalikirana mamilimita 12.7, zomwe zadzaza pamsika. Katiriji ya Audio-Technica ya AT-VM95E ndi poyambira pabwino, ndipo ubwino wa banja la VM95 n'kuti singano zake zonse zimalowa pa thupi limodzi: mutha kuyamba ndi ya conical yotchipa, n'kudzakwera osasintha katiriji.

Kuchuna komwe anthu amaopa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa mikono ya Technics yokhota ngati imeneyi, kuchokera pa kamphira ka kumbuyo kwa mutu mpaka pansonga ya singano pakhale mamilimita 52, katiriji italunjika mofanana ndi mbali za mutuwo. Mangani ma screw mokwanira, osati mpaka pulasitiki ilire. Kenako yandamitsani mkono monga afotokozera pamwambapa. Ukayandama, zunguzani kamkombero ka manambala kokha, osagwedeza chitsulo, mpaka 0 alunjike pa mzere. Tsopano zunguzani chitsulo chonse pamodzi ndi kamkomberoko mpaka pa 2, chifukwa VM95E imafuna magalamu 1.8 mpaka 2.2. Anti-skate nayo pa 2. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amachepetsa kulemera poganiza kuti akuteteza mbale. Singano yopepuka kwambiri imagwedezeka mumzere n'kumamenya makoma ake, ndipo imawononga kuposa yolemererapo pang'ono. Tsatani nambala ya wopanga katiriji, ndipo kasikelo kakang'ono ka digito kamathandiza kutsimikiza chifukwa manambala a pa chitsulo chakale satsimikizika nthawi zonse.

Komabe werengani ndalama zonse pamodzi musanasankhe. Ya ku UK: mtengo wake, lamba, singano, phono preamp. Ya ku Japan: mtengo wake, thiransifoma, singano kapena katiriji, phono preamp. Ngati kugula SL-D2 kukutanthauza kutsala ndi singano yakale, tengani SL-BD20 ndi singano yatsopano, mudzamva bwino kuposa pamenepo. Mukatenga ya ku Japan, matani chikwangwani cholemba 100 V pa pulagi yake, chifukwa tsiku lina wina m'nyumba adzaipezera adaputa n'kuilowetsa kukhoma.

Singano_yakuthwa

Ndiwonjezere za ulendo wobwerera nayo kunyumba, poti zambiri zimafera mu minibasi zitagulidwa zili bwino. Mangani mkono pa chokhalira chake ndi kawaya kofewa, vundikirani singano kapena ichotseni, chotsani chitsulo cholemera ngati chimachoka, chifukwa chikamagwedezeka m'mabampu ndi chomwe chimapha ma bearing. Chigudumu chinyamuleni pachokha mutachikulunga m'nsalu. Pa ma Technics ambiri a direct drive maginito a mota ali pansi pa chigudumucho, ndiye musachiyike pomwe pali tizitsulo, ndipo musayatse galamafoni chisanabwezeredwe. Muinyamule pamiyendo, osati m'buti.

Kunyumba ikhale pamalo olimba, osati pa tebulo limodzi ndi masipika, ndipo muiyeze ndi levulo ya amisiri omanga kuti isapendeke. Magetsi akazima mukamagwiritsa invata yotchipa ya modified sine wave, musadabwe kumva kung'ung'uza m'masipika, vuto si galamafoni.

Mbale zomwe muli nazo zitsukeni musanayikepo singano yatsopano, chifukwa fumbi la mumizere limaidya msanga. Madzi a distilled, omwe amathira m'mabatire a galimoto osati asidi, ndi kadontho ka sopo wa mbale zakukhitchini, kupukuta ndi nsalu yofewa motsata mizere, kutsukuluza, n'kuziumitsa zitaimirira pamthunzi, osanyowetsa pepala lapakati. Muzisunga zitaimirira, kutali ndi dzuwa la pawindo. Mukadzapeza zina zolemera ndi zosapindika zolembedwa 78, musaziyike pa ziwirizi: zilibe liwiro limenelo, mizere yake imafuna singano yokulirapo, ndipo sipiriti imazisungunula.