Kodi mpeni wa m'thumba wasanduka mlandu muno mu Harare?

Mwana wa Mchona, Mabvuku

Abale anga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri, ndipo ndikufuna maganizo anu, makamaka inu amene munaleredwa monga ndinaleredwera ine.

Ndili ndi zaka 57, ndinabadwira muno mu Mabvuku, ndipo ndimasamalira maluwa ndi mitengo pa nyumba ina ku Greendale. Malemu bambo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950. Anayamba ndi pa famu ya fodya, kenako n'kukhala khukhi kwa azungu ku Highlands. Pomwalira sanatisiyire ng'ombe kapena nyumba kumudzi. Anasiya sutukesi, jekete limodzi, Buku Lopatulika ndi mpeni wopinda wa Okapi, wa chigwiriro chamtengo, wokhala ndi kamphete kokokera poutseka. Pa chitsulo chake analembapo kuti unapangidwa ku Germany. Mipeni imeneyi anayamba kuipanga ku Solingen mu 1902 ndipo ntchitoyi inasamukira ku South Africa mu 1988, choncho wangawu ndi wakale ndithu. Waonda chifukwa chonoledwa, koma ukadali wakuthwa moti n'kumetera ndevu.

Mpeni umenewu ndakhala nawo m'thumba zaka zoposa makumi awiri. Ndi umene ndimamezanitsira mapeyala ndi mango kuntchito. Ndimasendera nzimbe adzukulu, ndimadulira chingwe, ndimasongolera pensulo. Sindinalozepo nawo munthu, ngakhale galu.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, pa Kamunhu. Pampando wakutsogolo kwanga panali mayi wina ali ndi thumba la masamba, ndipo chingwe cha thumbalo chinakoledwa pa chitsulo cha mpando. Titafika ku Msasa pomwe amatsikira, anakoka, anapotokola, chingwe osamasuka. Hwindi, kondakitala wa kombiyo, akumukalipira kuti akuchedwetsa anthu. Ine osaganiza kawiri ndinapisa m'thumba, n'kutsegula mpeni. Amene mumaudziwa Okapi mukudziwa kaphokoso kake poutsegula, krrr. Kombi yonse inangoti zii. Mtsikana wa sukulu amene ndinakhala naye pafupi anakuwa n'kudzipanikiza pawindo. Ndinadula chingwe, n'kupinda mpeni, n'kubweza m'thumba, zonsezi mosakwana mphindi. Koma hwindi anati ine nanenso nditsike pomwepo, sayenda ndi anthu a mipeni. Ndipo bambo wina kumbuyo, amene anandimva ndikuyankhula Chichewa pafoni tili m'njira, anati ndi momwe alili mabwidi, dzina lonyozera ife amene makolo athu anachokera ku Malawi.

Ndinatsika. Dola yanga sanandibwezere ndipo sindinaifunse. Ndinayenda wapansi mpaka kuntchito miyendo ikunjenjemera, ndi manyazi osaneneka. Munthu waimvi, wovala yunifolomu ya ntchito, mkulu wa mpingo, kuonedwa ngati tsotsi.

Funso langa ndi ili. Kodi ndinalakwa? Kale mwamuna wopanda kampeni m'thumba ankamuona ngati wosakonzeka pa moyo. Bambo anga ankati mpeni ndi chala chachisanu ndi chimodzi. Zinasintha liti? Ndipo malamulo a dziko lino amati chiyani, ndisadzagone m'chitokosi chifukwa cha chikumbutso cha bambo anga?

Nachisale wa pa Musika

Achimwene, pepani kwambiri. Mawu aja oti mabwidi ndi oipa ndipo munthu ameneyo analakwa. Tonse tinakula nawo, mpaka ena a ife tinkabisa chiyankhulo kusukulu. Lero Chichewa chili m'malamulo oyendetsera dziko a 2013 ngati chimodzi mwa ziyankhulo zovomerezeka, koma pakamwa pa anthu ena mwanowu sunathe.

Koma za mtsikana uja amene anakuwa, ndikupempheni musamusungire chakukhosi. Ine ndimagulitsa kabichi ndi repu pa Mbare Musika, mpeni uli m'manja kuyambira 4 koloko m'mamawa, ndipo palibe amene amandithawa. Mpeni uli pa tebulo, pambali pa masamba, aliyense akuona ntchito yake. Wanu unatuluka m'thumba, m'galimoto yothinana, munthu alibe kothawira. Ndiponso unali Okapi. Dzina limeneli ana athu amalimva m'nkhani za kukhoti basi, wakuti wabaya mnzake ndi Okapi pa botolo sitolo. Sanaonepo agogo akusemera nawo mthiko.

Ndikunena izi chifukwa mwana wa mchemwali wanga anabayidwa pamimba chaka chatha, akulimbirana chenji pa masewero a pulu. Womubayayo anali mnzake wokulira naye limodzi, mutu utasokonekera ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro. Anachira, koma mayi ake mpaka lero akamva chitsulo chikulira krrr, ngakhale chikhale chotsegulira chitini, amadzidzimuka. Nditakhala mu kombi imeneyo, mwina nanenso ndikanagwira pamtima ndisanaone nkhope yanu. Mantha amafika msanga kuposa nzeru, achimwene.

Mlonda wa ku Tafara

Malume, ndiyankhe mbali ya malamulo, chifukwa ife a ntchito ya ulonda amatiphunzitsa zimenezi tisanayambe kuima pageti.

Pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi lamulo la milandu, Criminal Law (Codification and Reform) Act, gawo 39, lomwe limaletsa kugulitsa kapena kukhala ndi mitundu ina ya mipeni. Umene umatseguka wokha ukadina kabatani ndi woletsedwa. Umene umatseguka poukutumula dzanja ndi woletsedwa. Komanso umene umati ukautsegula umakhoma, osatheka kuupinda pongokankha chitsulo chake mpaka utakoka kapena kudina kenakake, nawonso uli m'gulu lomwelo. Apa ndi pamene Okapi wa kamphete amagwera, ndipo n'chifukwa chake mumamva kuti munthu wamangidwa chifukwa chongopezeka naye, asanabaye aliyense. Ndikudziwa kuti zikupwetekani kumva izi, koma ndi bwino muzimve kwa mphwanu kusiyana n'kukazimvera pa polisi.

Chachiwiri ndi lamulo la Maintenance of Peace and Order Act la 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Public Order and Security Act (POSA). Limapatsa mphamvu mkulu wa polisi wa dera kuti alengeze chiletso cha kuyenda ndi zikwanje, nkhwangwa, zibonga, malegeni, mipeni ndi zina zotere, kwa nthawi yosapitirira miyezi itatu, ndipo wophwanya akhoza kulipitsidwa kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Ziletso zimenezi zimamveka kawirikawiri chisankho chikayandikira, nyengo ya Khirisimasi, komanso zinachuluka nthawi ija ya magulu a zikwanje otchedwa maShurugwi m'migodi ya golide, cha m'ma 2019 ndi 2020. Muzimvetsera wailesi, chifukwa chiletso chikakhalapo, ngakhale kampeni wamba kakhoza kukubweretserani mafunso.

Ine pageti ndikapeza munthu ali ndi kampeni kakang'ono kosakhoma, ndimakasunga n'kumubwezera potuluka. Ndikapeza Okapi ndimayenera kuuza abwana. Malume, musiyeni kunyumba ameneyo.

Che Mwalimu wa ku Epworth

Mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo mtima wanga wapita kutali. Ine ndadutsa zaka 70. Bambo ako sindinawadziwe, koma anthu a mtundu wawo ndinawadziwa ambiri, amene anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pa malole osalipiritsa otchedwa Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete. Munthu ankanyamuka kwawo ndi bulangete, kathumba ka ufa ndi mpeni. M'njira mpeniwo ndi umene unkamudyetsa. Atafika pa famu, ndalama yoyamba ankagula mpeni wabwino kusitolo ya pa famupo, asanaganize n'komwe za nsapato. Choncho ukamati ndi chikumbutso, ine ndikumva bwino lomwe.

Kwathu kuno ine ndi amene anthu amandiitana kukazinga nkhuku kapena mbuzi, pa sadaka, pa ukwati, pa Idi. Ngakhale anansi achikhristu amanditumizira mwana kuti nyama idyedwe ndi aliyense. Ndiye kuti ndimayenda ndi mpeni, waukulu kuposa wako. Kale ndinkangoutsomeka m'chiuno. Masiku ano ndimaukulunga m'kansalu, n'kuuika pansi pa chikwama, ndipo sutuluka mpaka nditafika pakhomo pomwe andiitana, mwini nyumba ali pomwepo.

Pali chinthu chimodzi chimene akuluakulu ankachita, chomwe mwina unachiiwala chifukwa cha changu chofuna kuthandiza. Sankatulutsa mpeni pagulu mwakachetechete. Ankayamba anena: mayi, ndili ndi kampeni apa, ndikuduleni chingwecho? Monga momwe sulowera m'nyumba ya mwini osanena odi. Ndipo popatsa mnzako ankagwira kuchitsulo, n'kumupatsa chigwiriro. Ukanayankhula kaye, anthu akanamva mawu a bambo wachifundo asanamve kulira kwa chitsulo. Sindikukuweruza, mwana wanga. Mtima wako unali woyera. Koma tauni ino yadzala anthu osadziwana, sali ngati pa komponi pomwe aliyense ankadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje.

Za wonyoza uja, musiye. Anthu athu anawotcha njerwa za mzinda uno, anaphikira eni ake, anakumba migodi ya ku Bindura ndi ku Shamva. Akanakhala kuti ndife anthu obaya, bwenzi atatipatsa makiyi a khitchini zaka zonsezo?

Dalaivala wa Nyamapanda

Bambo, ine ndimayendetsa thiraki kuchoka muno kupita ku Blantyre, kudzera Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Dalaivala wopanda mpeni kulibe, zingwe za tenti sungazidule ndi mano. Chimene ndaona n'chakuti anthu saopa chitsulo, amaopa maonekedwe. Ndili ndi kampeni kofiira ka Victorinox, kaja ka ku Switzerland kokhala ndi kamtanda, kasizasi ndi kotsegulira botolo. Ndikakatulutsa pa malo odyera, anthu amachita kubwereka, ena kufunsa mtengo. Mnzanga akatulutsa Okapi pa tebulo lomwelo, anthu amasuntha mipando. Koma zonse ziwiri zimacheka mofanana. Kofiirako amakaona ngati ka bwana, Okapi ngati wa munthu wosauka, ndipo ndi wosauka amene amayamba kukayikiridwa. Zimenezi zimandipweteka chifukwa makolo athu sakanakwanitsa kugula kofiirako.

Ndipo musaganize kuti kumudzi zikadali monga kale paliponse. Pa Lizulu kapena m'midzi ya ku Dedza munthu amadutsa ndi chikwanje paphewa, wina akusenda nzimbe m'mbali mwa msewu, palibe wotembenuka. Koma kayendeni nacho chikwanjecho madzulo mu Limbe muone. Pa bwalo la ndege ndiye musayese n'komwe kuika kampeni m'chikwama cha m'manja. Kuyambira zija za ku America za pa 11 September 2001, amalanda.

Mwana wa Mchona, Mabvuku

Zikomo nonse. Ndawerenga kangapo, ndipo ndawerengeranso mayi a kunyumba.

Mphwanga wa ku Tafara, sindinkadziwa kuti kamphete kaja ndi kamene kamasandutsa mpeni wa bambo kukhala woletsedwa. Zaka zonsezi ndadutsa nawo pa marodibuloko osadziwa kuti ndanyamula mlandu m'thumba. Usiku wathawu ndaupaka mafuta, ndaukulunga m'mpango wa malemu, ndauika mu sutukesi yawo ija pamodzi ndi Buku Lopatulika. M'mawa uno dzanja lapita lokha m'thumba katatu konse, n'kupezamo makiyi okha.

Che Mwalimu, mawu anu a odi andilasa. Bambo ankachitadi choncho, ndakumbuka. Ngakhale pa maliro pogawa nyama ankayamba anena kuti ana patukani, ndikutsegula mpeni. Ine ndinatenga mpeni wawo n'kusiya mawu awo.

Achemwali a pa Musika, mtsikana uja sindinamukwiyire. Ndi msinkhu wa mdzukulu wanga woyamba, ndipo chimene chikundivuta n'chakuti mwina mpaka lero akufotokozera anzake kuti anakumana ndi chigawenga mu kombi. Mupereke moni wanga kwa mchemwali wanu ndi mnyamatayo.

Chimodzi sindinanene poyamba. Titatsika tonse pa Msasa paja, mayi wa thumba uja anayima, anandiyang'ana, n'kuwomba m'manja mwaulemu, amvekere maita basa, sekuru, kutanthauza kuti zikomo agogo. Anandipatsa mpukutu umodzi wa repu. Ndinakana, koma anaumiriza, ndipo tinadyera nsima usiku womwewo. Bambo wa kumbuyo uja yekha ndi amene sindinathe kumuchotsa mumtima, chifukwa akanatulutsa mpeniwo munthu woyankhula Chishona, akanangoti mdala walakwitsa, osatukwana mtundu wonse.

Ntchito ndiye siima. Loweruka ndili ndi mbande za mapeyala khumi ndi ziwiri zofunika kumezanitsa, ndipo mpeni wa kukhitchini sungachite, umaphwanya khungwa. Adalaivala, kofiira kanuko ndalama zake sindingazikwanitse. Alipo amene akudziwa komwe ndingapeze kampeni kakang'ono kopinda, kosakhoma, ka chitsulo chosabuntha msanga, kaya ku msika wa Siyaso kaya m'masitolo a zipangizo m'tauni? Ndikufuna kuti kazikhala m'shedi ya kuntchito komweko, ndisamayende nako.